Kanyale Kachikasu

Anaibweretsa chokoka Lachiwiri m'mawa,
thiraki yoyera ya chaka chatha,
mipando ikadali m'mapulasitiki.
Inafera pa mphambano ya ku Kanengo
itasenza matumba mazana asanu a feteleza.
Yoikoka inali Bedifodi ya a Msamanyada,
yobadwa ine ndisanamere mano,
chitseko chomanga ndi linya,
ikutsokomola utsi mpaka amayi a zitumbuwa pa Biwi
anavundikira mabeseni awo.

Dalaivala anati, "Sinalire, sinagogode.
Kanangoyaka kanyale kachikasu,
mphamvu n'kuthera pomwepo."

Ndinatsegula. Chivundikiro chakuda.
Pansi pake chivundikiro china,
mawaya piringupiringu ngati mizu ya nsungwi.
Ndinagunditsa sikuludalaiva pachitsulo, chigwiriro kukhutu,
monga anandiphunzitsira a Fanuwelo Kamtedza
pansi pa mtengo wa kesha womwe uno.
Dalaivala anapotoza kiyi.
Injini inangoti zii
ngati mkamwini pa mlandu wa eni mudzi.

A Fanuwelo ankati injini siifa osatsanzika.
Valavu ikamasuka imalira ngati nkhululu,
beyaring'i imayamba yabuula sabata yathunthu.
Leyilandi yawo inkamwa chilichonse,
dizilo wa m'chigubu, wamadzi, wosakaniza palafini.
Paipi ikatsekeka unkayamwa ndi pakamwa,
kulavula, kupukuta ndevu,
ulendo wa ku Mchinji n'kupitirira.
Ladiyeta ikadontha, sopo.

Koma ndisaname.
Leyilandi yomweyo inadya zala ziwiri za a Fanuwelo pa lamba.
Inatigoneka masiku atatu pa Nathenje
mvula ili pamsana, fodya wa eni ake akuwola,
ndipo chifuwa chimene chinawatengera ku Sentolo
chinkanunkha utsi wake.
Tinkaimasula sabata ndi sabata.
Mwina n'chifukwa chake tinkaidziwa.

Masana anabwera Tiyanjane, mwana wa mlongo wanga,
yemwe ndinkamupirikitsa pano
kuti asaponde oyilo ndi nsapato za kusukulu.
Anasolola kompyuta m'chikwama,
analowetsa waya kunsi kwa chiwongolero
ngati namwino wofunafuna mtsempha.
Manambala anayamba kutsika.
"Malume, sensa ikuti mafuta ndi oipa.
Injini yadzitseka yokha kuti isafe."

Yadzitseka yokha!
Chitsulo chodziwa kukana chakudya.

Dalaivala anakanda m'mutu, anayang'ana matayala,
kenako anaulula:
mzere wa mafuta unamutopetsa,
anagula zigubu zinayi usiku kuseri kwa Mchesi
kwa mnyamata wosamudziwa dzina.

Ma injekita awiri anali atapsa kale.
Atsopano achokera ku Joni, masabata atatu,
mtengo wake wogula njinga yamoto n'kutsala chenji.
Mwini thiraki akuimba foni ola lililonse.
Ku Mitundu mvula yoyamba yagwa dzana.

Thanki tinatsitsa awiri, ine ndi iye.
Bawuti imodzi inakana.
Kompyuta ilibe mawu pa bawuti yokana.
Ndinaiwotcha pang'ono, ndinaimenya kawiri m'mbali,
inamasuka ikulira,
ndipo Tiyanjane anandiyang'ana
monga ndinkayang'anira dzanja la zala zitatu lija.

Dzuwa litapendeka a Msamanyada analiza Bedifodi yawo
kuti azipita ku Kawale.
"Malume, tandibwerekani chija."
Anapukuta chigwiriro pa ovolosi,
anagunditsa nsonga pachitsulo chotentha,
anatsinzina.
Girisi pa tsaya, ndolo ikunjenjemera.

"Muli chinachake chikugogoda."

"Pisitoni yachinayi," ndinatero.
"Inayamba kugogoda iwe uli kumbuyo kwa amako."

A Msamanyada anaseka, anaponda moto
kuti timve bwino mmene nkhalamba imayankhulira.
Inabangula kamodzi,
inalavula mwaye pa thiraki yoyera ija,
n'kuzima.

Batire nalo linali litatha.
Tinaitana anyamata a matayala,
Tiyanjane anaika kompyuta pa chitsa,
tonse mapewa pa bodi,
kukankha kulowera kumtsetse.